Khutu Litsogole, Sipanala Itsatire

M'mamawa wa mwezi wa Juni pa boma la Chitipa kumazizira kobaya m'mafupa. Dzuwa lisanatuluke, pamalo okwerera matola pamakhala pataima kale mapikiapu oyembekeza anthu ndi katundu: ina ya ku Misuku, ina ya ku Nthalire, ina ya ku Kameme, ina yolowera kumalire a dziko la Zambia. Madalaivala amayatsa injini kuti zifunde, iwo n'kupita kukamwa tiyi kapena kukanenerera mtengo ndi mwini matumba a chimanga. Kwa mphindi khumi kapena kuposerapo injini zija zimalira zokha, galimoto zili chiimire, popanda woziyang'anira. M'mphindi zimenezo injini iliyonse imaulula pafupifupi zonse za umoyo wake, koma wotchera khutu sapezeka kawirikawiri.

Eni galimoto ambiri ali ndi chizolowezi chakuti phokoso lachilendo likamveka m'boneti amaona njira ziwiri zokha: kulinyalanyaza mpaka galimoto ifere panjira, kapena kuthamangira kukagula chipangizo chatsopano mongoganizira. Njira ziwiri zonsezi n'zowononga, ndipo gwero lake ndi limodzi, ndilo ulesi wa kumvetsera. Injini yolira chiimire ili ngati wodwala amene wakhala pansi pamaso pa dokotala, nafotokoza yekha pamene pakumupweteka. Munthu amene waphunzira kumva mawu ake mwadongosolo, n'kumayesa chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, amapulumutsa ndalama, galimoto, mwinanso miyoyo ya anthu. Luso limeneli ndi sayansi yomwe ija imaphunzitsidwa m'kalasi, ndipo ikungofuna munthu woitulutsira pabwalo.

Nkhaniyi ndi yaikulu paliponse m'Malawi, koma ku Chitipa imakula koposa. Bomali, limene pa nthawi ya atsamunda linkatchedwa Fort Hill, lili kumapeto kwenikweni kwa dziko, pakati pa Tanzania ndi Zambia. Kalembera wa chaka cha 2018 anapezamo anthu pafupifupi 235,000, omwazikana m'zigwa ndi m'mapiri. Msewu wa makilomita 101 wochokera ku Karonga, umene kwa zaka zambiri unali dandaulo la anthu a kumpoto, unathiridwa phula ndi thandizo la dziko la China kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010. Komabe misewu yambiri yopatukira m'midzi ikadali yadothi, yafumbi m'chilimwe, yamatope m'dzinja. M'misewu yotereyi pikiapu ndiyo basi, ndiyo ngolo, nthawi zina ndiyo ambulansi. Imatsitsa khofi wa ku Misuku, imakweza feteleza, malata ndi simenti, ndipo usiku imanyamula mayi amene wavutika kupita naye kuchipatala.

Zipangizo za galimoto zimenezi pafupifupi zonse zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Pamene Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa kachitsulo kalikonse unakwera nawo. Mzinda wa Mzuzu uli pa mtunda wopitirira makilomita 300. Munthu wa mumzinda akagula chipangizo cholakwika amabwerera kusitolo tsiku lomwelo. Wa ku Wenya kapena ku Ifumbo amataya ndalama ya chipangizo, ndalama ya ulendo, ndiponso masiku angapo amene galimoto ikadagwira ntchito. Kumene zinthu zili kutali, kuganizira n'kodula kuposa kudziwa.

Chifukwa chake chiimire

Galimoto ikamathamanga, khutu limasokonezeka ndi mphepo, matayala, miyala yomenya kunsi ndi katundu wogwedera kumbuyo. Ikaima, zonsezi zimakhala zii, n'kutsala mawu a injini okha. Chifukwa chachiwiri chili mu oyilo. Pampu ya oyilo imayendetsedwa ndi injini yomweyo, kotero kuti injini ikamazungulira pang'onopang'ono pampuyo imakankha mofooka; komanso oyilo akatentha amakhala wamadzimadzi. Choncho nthawi imene injini yatentha ndipo ikulira chiimire ndiyo nthawi imene zitsulo zake zili ndi chitetezo chochepetsetsa, ndipo mpata uliwonse umene wakula chifukwa cha kuperepeseka umadziulula wokha.

Chifukwa chachitatu ndi cha masamu. Injini zambiri za mapikiapu zikakhala chiimire zimazungulira ka 700 mpaka ka 900 pa mphindi. Pa 750, shafiti yaikulu yapansi, imene amakaniko amaitcha kirankishafiti, imazungulira ka 12 ndi theka pa sekondi. Mu injini ya mtundu umene Nikolaus Otto wa ku Germany anaukonza mu 1876, pisitoni imayenda maulendo anayi pa kuphulika kumodzi: kukoka mpweya, kuupanikiza, kukankhidwa ndi moto, ndi kutulutsa utsi. Kaamba ka ichi, shafiti yotsegula mavalavu imazungulira kamodzi pamene yaikulu ija yazungulira kawiri, ndipo valavu iliyonse imatseguka pafupifupi ka 6 pa sekondi. Liwiro limeneli khutu lingathe kulitsatira. Phokoso lochokera kumavalavu limagunda theka la liwiro la injini, pamene lochokera pansi kawirikawiri limathamanga nayo limodzi. Mwana wa Fomu 2 wodziwa kugawa nambala ndi 2 wagwira kale mfungulo yoyamba.

Mafunso asanagwire sipanala

Mu 1816, mumzinda wa Paris, dokotala René Laennec anakulunga mapepala ngati chitoliro, naika mbali ina pachifuwa cha wodwala, ina pakhutu lake, ndipo anamva mtima momveka bwino kuposa kale. Apo ndi pamene panayambira chipangizo chimene madokotala amakoleka m'khosi. Makaniko wodziwa ntchito amachita chimodzimodzi ndi sikuludiraiva yaitali kapena ndodo youma: nsonga pachitsulo cha injini, chogwirira pakhutu. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi mumpweya, koma m'chitsulo limapitirira mamita 5,000, ndipo limafika kukhutu lisanasakanikirane ndi mapokoso ena. Akamasuntha nsongayo kuchoka pamwamba kupita pansi, kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo, amapeza malo amene phokoso lakula koposa. Pochita izi giya ikhale yochotsa, buleki ya dzanja yokoka, mwala uli kutayala, ndipo malaya ndi zala zitalikirane ndi fani. Injini isalizidwe m'nyumba yotseka, pakuti utsi wake uli ndi mpweya wakupha umene sununkha.

Koma ngakhale sikuludiraiva ija siyamba ndiyo. Choyamba ndi kandodo koyezera oyilo, pakuti mapokoso ambiri oopsa amayamba ndi oyilo wochepa kapena wakuda bii ngati phula. Chachiwiri ndi madzi a m'radiyeta, oyang'anidwa injini itazizira. Chachitatu ndi mwini galimoto: phokosoli linayamba liti, pang'onopang'ono kapena mwadzidzidzi? Oyilo anasinthidwa liti? Mafuta otsiriza anagulidwa kuti? Kodi pali munthu amene anagwirapo injiniyi posachedwa? Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Zikatha izi, patsala mafunso anayi amene khutu liyenera kuyankha: phokoso likuchokera pati, likukula injini ili yozizira kapena yotentha, likutani mafuta akapondedwa, ndipo chikulithetsa n'chiyani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mafunsowa amatenga mphindi makumi awiri, ndipo safuna tambala.

Kuyambira kunja kulowa m'kati

Nzeru yake ndi kuyamba ndi zotsika mtengo ndi zakunja, kenaka n'kumalowa m'kati. Chotchipa koposa ndi lamba. Likamveka likhweru lakuthwa kutsogolo kwa injini, makamaka m'mawa kapena nyali zikangoyatsidwa, kawirikawiri lamba wakhwefuka kapena watha n'kuyamba kuterera. Madontho ochepa a madzi akagwera pa lambayo phokoso limasintha kwa kanthawi, kuleka kapena kukula. Ngati silinasinthe, makaniko amazima injini, amachotsa lamba, n'kuiyatsanso kwa mphindi imodzi yokha, popeza pampu ya madzi imakhala itaima. Phokoso likatha, mlandu uli pa chimodzi mwa zinthu zimene lambayo amazunguza: alitineta, pampu ya madzi, kapena kagudumu kokokera lamba. Pozunguza chilichonse ndi dzanja, chimene bering'i yake yatha chimamveka kukhakhala ngati muli mchenga. Pampu ya madzi yotha imagwedera, ndipo imasiya kanjira ka madzi odontha kunsi kwake.

Phokoso longa la chitini chogwedera nthawi zambiri silichokera mu injini konse. Mabampu a misewu yadothi amamasula mabauti, amathyola zogwirira ekizozi, amang'amba timalata totchinga kutentha. Munthu akapanikiza kalata kokayikitsako ndi ndodo, phokoso n'kuleka, wapeza wolakwa. Galimoto yonse ikamanjenjemera chiimire, chiwongolero n'kumanthunthumira m'manja, koma kunjenjemerako n'kuchepa mafuta akapondedwa, ayang'ane mphira zimene injini imakhalirapo. Palinso kuthetheka kwa tsi-tsi-tsi kumene kumamveka m'mbali mwa injini ili yozizira, n'kumachepa ikatentha. Kumeneku ndi kutuluka kwa utsi pa gasiketi ya ekizozi yong'ambika, ndipo umboni wake ndi mwaye wakuda pamalopo. Kumachepa chifukwa chitsulo chikatentha chimafufuma n'kutseka mpata, monga momwe buku la Fizikisi limanenera.

Kulira kopepuka kwa tiki-tiki pansi pa chivindikiro chapamwamba, kogunda theka la liwiro la injini, ndi kwa matapeti: mpata wa pakati pa valavu ndi chitsulo choikankha wakula. Pa injini zambiri zakale mpatawu umakonzedwa ndi sipanala ndi timasamba tachitsulo toyezera, ndipo muyeso wake, umene sufika milimita imodzi, umalembedwa m'buku la opanga galimoto. Apa pali phunziro loti kukhala chete sindiko kukhala bwino nthawi zonse. Makaniko wofuna kukondweretsa mwini galimoto angathe kuthinitsa matapeti mpaka phokoso lonse litha. Koma valavu yothinitsidwa sitsekeka bwino, ndipo pakapita miyezi imapsa. Injini zina zimatseka mpatawu zokha pogwiritsa ntchito oyilo. Zoterezi zikalira kwa masekondi ochepa poyatsa n'kuleka palibe mlandu, koma zikapitiriza ndiye kuti oyilo wachepa, wada, kapena sakufika pamwamba.

Kutsogolo kwa injini kuli unyolo kapena lamba wamano amene amagwirizanitsa mashafiti awiri aja. Unyolo ukatamuka umachenjeza ndi phokoso la tcheretchere, makamaka poyatsa. Lamba wamano kawirikawiri sachenjeza. Amaduka mwakachetechete, ndipo pa injini zambiri mapisitoni amamenya mavalavu. Yekhayu sadikiridwa kuti alire, amasinthidwa pa mtunda umene opanga analamula, umene pa mapikiapu ambiri a dizilo uli pakati pa makilomita 100,000 ndi 150,000. Kumbuyo kwa injini kuli kilachi, ndipo kuyesa kwake n'kwa phazi limodzi. Phokoso likatha kilachi ikapondedwa, vuto lili chakugiyabokosi. Likayamba pamene yapondedwa, yatha ndi bering'i yokankha kilachiyo. Amene sanayese zimenezi angathe kuphwasula injini yabwinobwino pofuna matenda amene ali kwina.

Dizilo ndi kugogoda kwake

Mapikiapu ambiri a m'mapiri a Chitipa ndi a dizilo, ndipo injini ya dizilo imagogoda mwachibadwa. Injini imeneyi, imene Rudolf Diesel anaiyendetsa bwino koyamba mu 1897, ilibe mapulagi oyatsira moto. Imapanikiza mpweya mpaka uchepe ka 15, ka 20 kapena kuposerapo, ndipo mpweyawo umatentha kwambiri kotero kuti mafuta akangopoperedwamo amayaka okha. Kuyaka kwadzidzidziko ndiko kumamveka ngati kugogoda, ndipo m'chisanu cha Juni ndi Julayi kumakula mpaka injini itafunda. Kugogoda kwa injini yamoyo n'kofanana, ngati amayi anayi osinja mumtondo umodzi mosaphonyana. Chodetsa nkhawa ndi pamene munsi umodzi ukugwa molemera kuposa inzake kapena ukusemphana nayo, injini n'kumagwedezeka, utsi woyera kapena wakuda n'kumatuluka.

Pa injini zakale, makaniko amamasula pang'ono nati ya paipi ya mafuta ya silinda imodzi, ataphimbapo nsanza, kuti silindayo ileke kuyaka. Akamva, amamanganso n'kupita pa yotsatira. Silinda imene itazimitsidwa kulira kwa injini sikunasinthe, ndiye kuti sinali kugwira ntchito ndi kale. Imene itazimitsidwa kugogoda kwatha, ndi momwe muli vuto. Koma funso likadalipo: kodi ndi nozo yopopera mafuta, kapena ndi pisitoni ndi bering'i yake? Makaniko wanzeru amasinthanitsa nozoyo ndi ya silinda yoyandikana nayo. Phokoso likasamuka pamodzi ndi nozo, wolakwa ndi nozo. Likatsala pomwe linali, matenda ali m'kati. Mphunzitsi wa sayansi aliyense azindikira zimene zachitika apa: chinthu chimodzi chasinthidwa, zina zonse zasiyidwa momwe zinalili, ndipo yankho labwera lokha.

Chenjezo n'lofunika. Injini zatsopano, monga za Toyota Hilux zolembedwa D-4D, zimasunga mafuta pa mphamvu imene ingathe kuposa ka 1,500 mphamvu ya mpweya wozinga dziko. Kamtsinje ka mafuta otero kamaboola khungu ngati singano, ndipo munthu angathe kuduka nako chala. Mapaipi a injini zimenezi samasulidwa injini ikulira. Pa injini ya petulo, silinda imazimitsidwa pochotsa waya wa pulagi ndi chopanira chokutidwa mphira. Ndipo kukamveka kuti sii ngati njoka, injini n'kumakwera ndi kutsika yokha, pali kapaipi kamphira kong'ambika kamene kakulowetsa mpweya wosafunika.

Nozo siziwonongeka popanda chifukwa. M'zaka za 2011 ndi 2012, ndiponso kuyambira 2022, dziko lino linaona kusowa kwa mafuta, ndipo ambiri anagula a m'zigubu m'mbali mwa msewu. Mafuta osungidwa m'zigubu ndi m'migolo amalowa madzi ndi fumbi, ndipo ena amasakanizidwa ndi parafini, amene saterera ngati dizilo. Pampu ndi nozo za dizilo zimadalira mafuta omwewo kuti zisakhulane. N'chifukwa chake funso lija lakuti mafuta otsiriza anagulidwa kuti limafupikitsa ntchito ya tsiku lonse, ndipo kukhetsa madzi pansi pa sefa ya mafuta kuyenera kukhala chizolowezi cha dalaivala aliyense.

Mawu oletsa ulendo

Pali phokoso limodzi limene silinenereredwa. Ndi kugogoda kolemera kwa kho-kho-kho kochokera pansi pa injini, ngati munthu akumenya chitseko cha mlombwa ndi nkhonya. Kumakula injini ikatentha, kumamveka kwambiri mafuta akapondedwa n'kusiyidwa, ndipo nthawi zambiri kanyali kofiira ka oyilo kamaphethira galimoto ili chiimire. Mu oyilo wokhetsedwa mumaoneka tizitsulo tonyezimira. Izi zikutanthauza kuti bering'i ya pakati pa mkono wa pisitoni ndi shafiti yaikulu yadyeka. Pamalo amenewa zitsulo ziwiri zimalekanitsidwa ndi oyilo wopyapyala kuposa tsitsi la munthu, ndipo iye akachoka chitsulo chimamenya chitsulo kambirimbiri pa sekondi iliyonse.

Mtengo wa vutoli umakwera ngati makwerero. Injini ikazimitsidwa msanga, mwina mabering'i okha ndi amene angasinthidwe. Ikayenda makilomita ena, shafiti imakandika, ndipo iyenera kutumizidwa kutali kumene kuli makina oipala. Ikaumirizidwabe, mkono wa pisitoni umathyoka n'kuboola khoma la injini, ndipo chotsala ndi kugula injini ina. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kusweka. Kugogoda kumeneku kusasokonezedwe ndi kwina kofanana nako, kwa pisitoni yokhwefuka m'silinda, kumene kumamveka ngati m'chibade injini ili yozizira n'kutha ikafunda. Injini yotere ingathe kugwirabe ntchito nthawi yaitali. Kusiyana kwake kuli pa funso limodzi mwa anayi aja, la kuzizira ndi kutentha.

Zimene zimadya mabering'i ndi mapisitoni n'zodziwika: sefa ya mpweya yobooka imene imalowetsa fumbi la mumsewu, oyilo wopitirira nthawi yake kapena wachinyengo, kutenthetsa injini, ndi kukwera phiri ndi katundu wopyola muyeso pa giya yaikulu. Zodziwikanso ndi njira zobisira matenda. Wina amathira oyilo wokhuthala ngati uchi kuti kugogoda kugone. Wina amakweza liwiro la injini kuti kanyali kofiira kazime. Wina amangokweza wailesi. Ogulitsa galimoto osakhulupirika amadziwa zonsezi, ndipo wogula amene sanadikire kuti injini itenthe, naimvetsera ili chiimire, adzazindikira mochedwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Mawu a otsutsa

Ena adzati zonsezi ndi zachikale, popeza galimoto za masiku ano zili ndi kompyuta, ndipo makina oyezera akalumikizidwa pansi pa chiwongolero amalemba vuto poyera. N'zoona kuti makinawa ndi othandiza. Ku United States njira yake, yotchedwa OBD-II, inalamulidwa pa galimoto zing'onozing'ono kuyambira 1996, ndipo inafalikira m'maiko ena. Makaniko wa lero ayenera kuwaphunzira. Koma kompyuta imanena zokhazo zimene timawaya take takhudza. Ingathe kunena kuti silinda yachitatu sikuyaka bwino, koma lamba wokhwefuka, mphira yong'ambika, kapena bering'i imene yangoyamba kudyeka, izo sizimva. Ndiponso mapikiapu ambiri amene akukwera mapiri a Misuku ndi a Mafinga alibe pobayira makinawo. Makina amawonjezera pa khutu. Amene alibe dongosolo la kuganiza amangosintha zipangizo mongoganizira monga kale, kusiyana kwake n'kwakuti tsopano walipiranso woyeza.

Kutsutsa kwachiwiri n'kolemera, ndipo kuyenera kumvedwa mwaulemu. Mwini pikiapu adzati nyengo yokolola ndi yaifupi, ngongole ikudikira, ana akufuna fizi, ndipo galimoto ikaima sabata imodzi banja lagona ndi njala. Munthu wotere sanyalanyaza phokoso chifukwa cha umbuli. Akuchita juga ndi chuma chake chifukwa alibe pothawira. Komatu iyeyu ndiye afunika luso la kumvetsera kuposa wolemera, pakuti ndi lokhalo lingamuuze phokoso limene lingadikire mwezi, limene lingadikire sabata, ndi limene silingadikire ngakhale kilomita imodzi. Kalata kogwedera kangadikire. Matapeti angadikire tsiku lopanda ulendo. Kugogoda kwa pansi sikudikira.

Ndipo juga imeneyi sachita ndi chuma chake chokha. Pa mapikiapu ambiri akale a dizilo, kapampu kothandiza mabuleki kali kumbuyo kwa alitineta, kotero kuti lamba uja wa likhweru akaduka, batire imaleka kulandira moto, madzi amaleka kuzungulira, ndipo mabuleki akapondedwa kangapo amauma ngati mwala. Injini ikafa potsetsereka, galimoto imataya mphamvu yopepukitsa chiwongolero ndi mabuleki pa nthawi imene ikufunika koposa. Pa mitsetse ya ku Misuku, ndi anthu khumi ndi asanu atakhala pamwamba pa matumba, zimenezi si nkhani ya ndalama ayi. Anthu aja analipira ulendo, sanavomere kulowa nawo m'juga.

Kwa aphunzitsi ndi otsiriza sukulu

Chaka chilichonse achinyamata ambiri amalemba mayeso a MSCE, ndipo malo a kuyunivesite ndi ochepa. Ena mwa otsalawo amakathera m'magalaja ngati ogwirizira masipanala, ali ndi mtima wakuti sukulu inawataya ndipo zimene anaphunzira zilibe ntchito pansi pa galimoto. Maganizo amenewa ndi olakwika, koma mlandu wake suli pa iwo okha. Ngati mwana waloweza kuti chitsulo chimafufuma chikatentha, koma sanauzidwepo kuti ichi ndicho chimatontholetsa ekizozi yothetheka, phunzirolo linathera papepala. Kufufuma kwa zitsulo, kukhulana, mphamvu ya zamadzimadzi, kuyenda kwa phokoso, kugawa ndi kuchulukitsa nambala, zonsezi zili pansi pa boneti imodzi.

Sukulu yopanda chipinda cha zoyesayesa siyenera kudandaula kosalekeza pamene pikiapu imaima pachipata chake tsiku ndi tsiku. Mphunzitsi angathe kupempha mwini wake ola limodzi, n'kuitana makaniko wodziwika m'deralo kuti aime pamaso pa ophunzira monga katswiri, zimene iye alidi. Ophunzira, anyamata ndi atsikana omwe, amvetsere ndi ndodo pakhutu, alembe chimene akuganiza kuti ndi gwero la phokoso, anene njira yoyesera ganizolo, kenaka aone ngati analondola. M'boma la zinenero zambiri ngati Chitipa, kumene Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha ndi Chitumbuka zimakumana pamsika umodzi, phunziro lotere limamveka kwa onse, popeza mwana amene Chingerezi chimamuvuta nayenso ali ndi makutu. Makaniko uja nayenso adzapindula, pakuti zimene manja ake amadziwa adzazimva zikufotokozedwa chifukwa chake. Mutu umodzi susenza denga.

Wachinyamata amene wasankha ntchitoyi aitenge ngati sukulu yopitirira. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a zaumisiri m'dziko muno, ndipo satifiketi yake imatsegula zitseko zimene luso lopanda pepala silitsegula. Koma ngakhale asanafike kumeneko, asunge kabuku m'thumba la ovolosi: tsiku, mtundu wa galimoto, makilomita, phokoso linamveka bwanji, iye anaganiza chiyani, ndipo atatsegula anapeza chiyani. Alembe makamaka pamene analakwitsa. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Pakatha zaka ziwiri kabukuko kadzakhala ndi nzeru za misewu ya kwawo zimene sizipezeka m'buku lililonse lochokera ku Japan. Ndipo adzakhala makaniko amene angathe kuuza mwini galimoto molimba mtima kuti, “Bambo, musagule kanthu, ndi bauti chabe,” kapena kuti, “Bambo, pepani, galimoto iyi lero isachoke pano.” Mawu awiri onsewa amafuna chidziwitso, ndipo achiwiriwo amafunanso chilungamo.

Mawa m'mamawa mapikiapu adzaimanso pamalo aja, utsi uli tolotolo m'chisanu. Tiyi angathe kudikira mphindi zisanu. Dalaivala atsegule boneti, asolole kandodo ka oyilo, aime chete pambali pa injini yake kufikira itafunda, n'kuyerekeza zimene akumva ndi zimene anamva dzulo. Akatero, akweze anthu.